Amalume, galimoto ija ndi yomweyo

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaona funso lanu pa gulupu, loti kodi galimoto ili pachithunzi ndatumiza chija ndi imene anaomberamo Kennedy, pulezidenti wa America uja, zoona, poti inu mumaidziwa yopanda denga pomwe iyi ndi yakuda, yotseka pamwamba. Ndati ndingolankhula, polemba ndingasiye zambiri.

Eya, ndi yomweyo. Ili ku Dearborn, m'chigawo cha Michigan, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Henry Ford. Ndi Lincoln Continental ya 1961. Koma choyamba mudziwe kuti sinali ya Kennedy ayi, ngakhalenso boma silinaigule. Eni ake anali a kampani ya Ford, ankangoibwereketsa kwa a Secret Service, oteteza pulezidenti aja, pa madola 500 pachaka. Basi, 500 yokha. Chikhalirecho yatsopano ya mtundu umenewu inkagulidwa madola oposa 7,000, ndipo kuisintha kuti ikhale ya pulezidenti kunadya pafupifupi 200,000.

Apa ndiye pokusangalatsani inuyo owongola magalimoto. Anaitengera ku Cincinnati, kwa a kampani ya Hess & Eisenhardt, n'kuidula pakati, amalume, kuidula ndithu, kenako n'kulumikiza kuti italike pafupifupi mita imodzi. Mpando wakumbuyo ankatha kuukweza kuti anthu amuone bwino pulezidenti. Denga linalipo lochita kuikapo ndi kuchotsa, lina la pulasitiki yoonekera mkati, koma silinali lotchinga chipolopolo. Galimoto yonseyo inalibe chitetezo chotero. Inapangidwa kuti munthu aoneke, osati abisike. Mtundu wake unali wabuluu woderako.

Ndiye pa 22 Novembala 1963 zija zinachitika ku Dallas. Galimoto anaikweza ndege kubwerera nayo ku Washington, ofufuza anaiyang'ana, galasi lakutsogolo analichotsa n'kulisunga ngati umboni. Anthu ambiri amaganiza kuti inathera pompo, koma ayi. Anaona kuti kupanga ina kutenga nthawi yaitali, ndiye anaibwezera ku Cincinnati komwe kuja, anaiphwasula yonse. Anaika zitsulo za titanium m'mbali, magalasi oti chipolopolo sichingaboole, denga losachotseka, injini yamphamvu kuti ikoke kulemerako, poti inaonjezeka pafupifupi tani imodzi. Mu 1964 inabwerera pa ntchito, ndipo Johnson, amene analowa m'malo mwa Kennedy, ndi amene anafuna kuti aipake penti yakuda. Inanyamula iyeyo ndi apulezidenti otsatira, Nixon, Gerald Ford, mpaka Carter. Nixon anachititsa kuti aboole padenga paja kuti aziimirira n'kumabayibitsa anthu. Anaipumitsa mu 1977, n'kubwerera kwa eni ake.

Nditaima pafupi nayo, chimene chinandigwira mtima ndi kumbuyo kwake. Pali popondapo ndi zogwirira pa buti, pomwe alonda ankaimapo galimoto ikuyenda. Ndi kumbuyo komweko kumene Clint Hill, mmodzi wa alondawo, anadumphira tsiku lija kuti atchinge Mayi Kennedy. Ndinaima pamenepo nthawi, osajambula n'komwe. Komanso magalasi aja mukawayang'ana cham'mbali, kukhuthala kwake, mumachita kuona kuti awa anabwera mochedwa.

Mwafunsanso kuti bwanji osaibwezera m'mene inalili, buluu wake, denga n'kuchotsa. Ndikudziwa kuti kwa inu ntchito yabwino ndi yoti mwini galimoto asaone pomwe panapindika. Koma pa iyi, ine ndikuti anachita bwino kuisiya chonchi. Atachotsa denga ndi zitsulo zija, ndiye kuti afufuta zaka 13 zimene inagwiranso ntchito, n'kupanga chinthu choti anthu azikajambulitsapo ngati malo a imfa. M'mene ililimu, mumaona zonse ziwiri, galimoto ya Kennedy pansi, mantha a amene anabwera pambuyo pake pamwamba.

Ndili ndi chithunzi china cha pomwe denga linakumana ndi bodi, ndikutumizirani panokha, mundiuze ngati diso lanu likuona polumikiza. Mundipatsireko moni onse kunyumbako.