Anachoka kukampu popanda chilolezo kukatsanzikana ndi mayi ake: kodi chilango chinayenera?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene mlongo wake ndi msilikali. Mwachidule nkhani yake ndi iyi. Mayi awo anadwala mwakayakaya kumudzi. Mlongoyo anapempha tchuthi, akuluakulu anakana chifukwa gulu lake linali litauzidwa kuti likhale tcheru. Usiku womwewo iye anatuluka osatsanzika, anakapeza mayi ake akadali ndi mpweya, ndipo mawa lake anamwalira. Ataika maliro anabwerera yekha kuntchito, patapita masiku anayi. Kumeneko anamudula malipiro, kumutsekera, n'kumutsitsa udindo. Funso la mayiyu ndi lakuti: "Kodi chimenechi ndi chilungamo? Asilikali alibe mtima?"

Achemwali, poyamba pepani ndi maliro. Ndayiwerenga kalata yanu kangapo, ndipo ndikanakhala ine ndikukhulupirira kuti ndikanakwera basi yomweyo. Komabe yankho langa mwina silikukomerani lonse. Mlongo wanu anayenera kuzengedwa mlandu. Chimene ndikukayikira ndi kukula kwa chilangocho, komanso ngati amene anamukaniza tchuthi anafunsidwako mafunso.

Taganizirani za usiku umene iye anachoka. Dzina lake linali pa ndandanda ya ulonda kapena ya gulu lonyamuka. Poitana mayina m'mawa, mpata wake unaonekera, ndipo wina amene anagona maola awiri okha anaima m'malo mwake. Mwa anzakewo mulinso ena amene ali ndi mwana m'chipatala, ena mkazi wodwala pakati. Iwowo anapirira. Mkulu wa gulu akangonena kuti "tamva, zapita," ndiye kuti wauza onsewo kuti kupirira kwawo kunali kupusa, ndipo tsiku la ngozi aliyense adzadziweruza yekha ngati chifukwa chake n'chokwanira. Akuluakulu amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Wolumbira usilikali amadziwa kuti nthawi yake si yakenso.

Koma malamulo a asilikali okhawo amadziwa kusiyanitsa. Ku Britain, kumene malamulo a asilikali athu anachokera kudzera mu King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda, lamulo la Armed Forces Act la 2006 limalekanitsa milandu iwiri: kujomba popanda chilolezo, ndi kuthawa usilikali. Kusiyana kwake kwagona pa mtima wa munthuyo, ngati anali ndi cholinga chobwerera, kapena ngati ankazemba kupita kunkhondo. Ku America nakonso milandu iwiriyi ili m'ndime zosiyana, 86 ndi 85, za malamulo awo a asilikali. Mlongo wanu anabwerera ndi miyendo yake, palibe anachita kukamugwira. Chimenecho n'chachikulu pamlandu, ndipo woweruza aliyense wanzeru amachiyika pasikelo.

Pali nkhani imodzi imene imandivuta mumtima ndikaganiza za chilango chosamva chifukwa cha munthu. Harry Farr anali msilikali wamba wa ku Britain, wa gulu la West Yorkshire Regiment, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu 1915 anagonekedwa m'chipatala miyezi isanu, mutu utasokonezeka ndi kuphulika kwa mabomba, moti manja ankanjenjemera osatha kugwira cholembera. Anamubwezanso kunkhondo. Mu Seputembala 1916, ku Somme m'dziko la France, anakana kupita kutsogolo, nati sangathenso kupirira phokoso la mizinga. Khothi la asilikali linamupeza wolakwa pa mlandu wa mantha, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho anamuwombera m'bandakucha, ali ndi zaka 25. Mkazi wake boma linamuletsa penshoni, n'kutsala ndi mwana wamkazi wamng'ono. Mwanayo anakula, nakalamba akumenyera dzina la bambo ake, mpaka mu 2006 boma la Britain linakhululukira Farr pamodzi ndi anzake, onse 306. Panali patapita zaka 90, mwanayo ali agogo a zaka zoposa 90.

Amene anamuweruza Farr sankadziona ngati ankhanza. Ankati akusunga mwambo. Pa nkhondo imeneyo makhothi a asilikali a Britain anagamula imfa kwa anthu oposa 3,000, koma amene anaphedwadi anali pafupifupi mmodzi mwa khumi aliwonse. Ndiye kuti kawirikawiri chimene chinkasankha wofa sichinali kukula kwa mlandu wake ayi, koma kuti akuluakulu ankafuna chitsanzo nthawi imeneyo. N'chimodzimodzi Eddie Slovik wa ku America, amene anawomberedwa pa 31 Januwale 1945. Asilikali a ku America masauzande ambiri anathawa usilikali pa nkhondo yachiwiri, 49 anagamulidwa kuti aphedwe, koma iye yekha ndiye anaphedwa. Pempho lake loti amuchitire chifundo linafika kwa General Eisenhower, mkulu wa asilikali awo ku Ulaya, mu Disembala 1944, nkhondo itavuta kwambiri ku Ardennes, ndipo linakanidwa. Apa ndi pamene ine ndimakana: kulanga munthu mopyola mlandu wake pofuna kuopseza ena. Agogo athu amene anali askari mu King's African Rifles ankakwapulidwa zikoti mpaka m'zaka za m'ma 1940, pamene msilikali wachizungu chikoti anali atachiiwala kalekale. Nazonso ankazitcha mwambo.

Tibwerere kwa mlongo wanu. Kudula malipiro a masiku anayi amene sanagwire ntchito, sindikuonapo cholakwika. Kumutsekera masiku ochepa, kapena kumuonjezera ulonda kuti abweze thukuta la anzake, anthu ake omwe angamvetse. Kutsitsa udindo n'kumene kukundipweteka, chifukwa kumatsata munthu zaka zambiri, kumakhudza malipiro, kukwezedwa, mwinanso penshoni. Ndikudziwa mbali inayo: wokhala ndi udindo ndi amene achinyamata amamuyang'ana, choncho kulakwa kwake kumalemera kuposa kwa msilikali wamba. Koma ngati mbiri yake inali yoyera, ngati anayamba wapempha, ngati palibe amene anavulala chifukwa cha kusowa kwake, chilango chachikulu chotere chikuoneka ngati chochokera m'mkwiyo wa munthu amene lamulo lake lanyozedwa.

Ndipo munthu amene anakana pempholo ali ndi mbali yake. Magulu a asilikali amakhala ndi tchuthi chapadera cha matenda aakulu ndi maliro. Kodi anaimbako foni kuchipatala kapena kwa amfumu kuti atsimikize? Kodi anaganizako zomupatsa maola 48 okha? Mtsogoleri amene amadziwa anthu ake amaona pankhope kuti uyu usiku uno sagona pano, ndipo amapeza njira asanafike podumpha mpanda.

Chimene mungachite ndi ichi. Mufunseni mlongo wanu ngati anapatsidwa mpata wolankhula asanagamule chilango, komanso ngati pempho lake la tchuthi linalembedwa penapake. Musunge kalata ya kuchipatala ndi chikalata cha imfa. Afunse kwa akuluakulu ake, kapena kwa loya wodziwa malamulo a asilikali, za njira yodandaulira kuti chigamulo chiunikidwenso, ndipo achite msanga chifukwa zinthu zotere zimakhala ndi malire a masiku. Polemba dandaulo asakane kulakwa. Avomere kuti anachoka popanda chilolezo, afotokoze chifukwa, apemphe kuti udindo wake ubwezedwe. Inuyo musathamangire kukalemba pa Facebook mkwiyo uli pamwamba, zingamuonjezere mlandu wina.

Mukamuona, musamufunse ngati akunong'oneza bondo. Mufunseni zimene amayi ananena atamuona akulowa pakhomo.