Alamu, ku Mulanje pa njinga mudzere ku Thyolo

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Funso lanu ndaliona, ndiye ndati ndingolankhula, chifukwa zoti ndinene ndi zambiri. Ena pagulu pano amene za njinga sizikukukhudzani mutipirire, uthengawu utalikirapo. Mwati mukubwera mu Julaye ndi njinga yanu ija ya matayala owonda, ndipo mukufuna kupalasa kuchoka ku Limbe mpaka pa boma la Mulanje, koma mukufunsa kuti mudzere wa Midima kapena wa ku Thyolo. Ine ndikuti ku Thyolo, osakayika ayi.

Wa Midima uja, umene amautchanso Robert Mugabe Highway, ndi wachidule, makilomita 60 ndi pang'ono. Mukangodutsa Bangwe mumatsetsereka, kenako msewu umangoti tambalala mpaka ku Nkando ndi kupitirira. Kwa munthu wothamangira maliro kapena ukwati ndi wabwino. Koma poti ndi wowongoka, a minibasi ndi a malole amaponda moto kwambiri, ndipo inu pa njinga mumakhala mukungoyang'ana kumbuyo. Wa ku Thyolo, M2, ndi makilomita pafupifupi 80. Ndi wotalikirapo, inde, koma ndi umene muli zimene mwagulira njingayo.

Tiyeni ndikuyendetseni. Munyamuke ku Limbe kukangoyera, cha m'ma 6 koloko. Chigawo choyamba, kudutsa pa Chigumula mpaka pa Bvumbwe, ndi chimene ndimachida pang'ono, chifukwa anthu ndi ambiri, minibasi zimaima paliponse osapereka chizindikiro, ndipo pamsika pa Bvumbwe amayi a tomato, kabichi ndi mbatatesi amayala malonda mpaka m'mphepete mwenimweni mwa phula. Pamenepo zala zikhale pa mabuleki, musathamange. Mukangopitirira Bvumbwe dziko limatseguka. Chimanga chimayamba kuchepa, kenako mumangoona tiyi, wobiriwira mbali zonse, wodulidwa mofanana kufika m'chiuno, mitengo ya bulugamu itaima m'malire, apo ndi apo minda ya makademiya. Musanafike pa boma la Thyolo pali njira yokhotera ku Satemwa, esiteti ya tiyi imene inayamba mu 1923. Misewu ya mkati mwa maesiteti ndi yafumbi komanso ili ndi eni ake, choncho musangolowamo osapempha, ndiponso matayala anuwo sakondana ndi miyala. Inu khalani pa phula, zokongolazo zimaoneka bwinobwino muli pamsewu.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse, alamu. Dziko la Thyolo lili ngati mizere ya m'munda: kukwera, kutsika, kukweranso, osalekeza. Palibe chitunda chimodzi chachikulu choti munganene kuti ichi ndiye chandigonjetsa. Chimene chimatha munthu ndi kubwerezabwereza. Choyamba mumachikwera mukuseka, chachiwiri chimodzimodzi, mwendo ukadali ndi mphamvu za m'mawa, ndiye mumayamba kuimirira pa mapedulo, kulimbana nacho chilichonse. Pofika cha khumi ntchafu zayamba kuyaka, pamene ulendo sunafike ndi theka lomwe. Anthu ambiri amene amakwezetsa njinga pa minibasi pa Luchenza sikuti ndi ofooka, anangowononga mphamvu m'zitunda zoyambirira.

Ndiye muzichita chonchi. Mukamatsika, musasiye kupalasa mukayandikira pansi, lolani liwirolo likukankheni mpaka chigawo choyamba cha chikwezacho. Giya musinthe msanga, mwendo usanayambe kulemera. Mukadikira mpaka tcheni italimba ndiye n'kusintha, imalira, nthawi zina imagwa kapena kuduka kumene. Khalani pa chishalo, miyendo izizungulira mopepuka, kupuma kwanu kukhale koti mutha kulankhula ndi mnzanu. Ngati simungathe kumaliza chiganizo, mwapitirira muyezo, bwererani giya imodzi. Mukafika pamwamba musaime, palasani pang'ono kuti njinga igwire liwiro, mukapumira potsika. Muonenso magiya anu musananyamuke kumeneko. Ngati kutsogolo yaying'ono ili ya mano 34 ndipo kumbuyo yaikulu ili ya 30 kapena 32, muli bwino. Ngati kumbuyo imathera pa 25, kasinthitseni konko, kuno zipangizo zotere n'zovuta kuzipeza.

Pa boma la Thyolo mwayenda pafupifupi theka. Imani, dyani, dzazani mabotolo. Musadikire njala. Nthochi, mtedza, mbatata yophika, mandasi awiri, zimenezo zimakwana, ndipo muzidya pang'onopang'ono ola lililonse. Kuchoka pamenepo msewu umakhotera kum'mawa ndipo umayamba kutsika kulowera ku Luchenza. Alamu, chigawo chimenechi ndi chimene ndimachikonda kuposa zonse. Mumatuluka pa khona lina, tiyi ali kumanja ndi kumanzere, ndiye kutsogolo phiri la Mulanje langoti njo, lonse lathunthu, kuchokera pansi pa chigwa mpaka m'mitambo. Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirilo, ndi wotalika mamita 3,002, ndipo kukakhala kopanda mitambo mumaona mathanthwe ake akuwala ndi dzuwa la m'mawa. Pagalimoto zimenezi zimadutsa msanga. Pa njinga phirilo mumakhala nalo maola awiri, likukula pang'onopang'ono.

Koma maso asakhalitse kuphiri, chifukwa potsika m'pamene ngozi zimachitika. Pamalo ochitira malonda pali mahampu, ena osapakidwa utoto, ndipo dzenje limene galimoto imangolidumpha, inu likhoza kukupindirani limu. Manja agwire pansi pa handulo, mabuleki onse awiri muziwagwira mofatsa musanalowe pa khona, osati muli kale mkati. Pa Luchenza pamadutsa njanji, ndiye podutsa zitsulo zija tayala lilunjike mopingasa bwinobwino, makamaka kukanyowa. Kuchoka apo, kudzera pa Chonde paja a Mulhako wa Alhomwe amachitira mwambo wawo, mpaka pa Chitakale, zitunda zimachepa koma kumatentha, chifukwa mwatsika kwambiri. Mukamayenda makilomita 20 pa ola, kuphatikiza zopuma, mufika dzuwa lisanapendeke.

Dikirani pang'ono, anawa akusokosa... Eya, ndimati za matayala. Ili ndi lofunika kwambiri. Okonza njinga alipo pansi pa mtengo pafupifupi pamsika uliwonse, ndipo ndi aluso, kumata chubu, kuwongola sipoko, kulumikiza tcheni, amatha. Koma katundu amene ali naye ndi wa njinga zathu zakuda zija. Chubu chawo cha 28 ndi chonenepa, sichikwana mu tayala lanu la 700, ndipo pampu yawo mwina singagwire pa valavu yanu yowonda ija. Choncho mubwere ndi machubu awiri kapena atatu, zigamba ndi guluu wake, pampu yanuyanu, timasipanala ta alleni, ndi kolumikizira tcheni. Ngati felemu ikulola, ikani matayala a mamilimita 28 kapena 32, ndipo musawapope mpaka gwa. Phula lathu m'malo ena ndi lokakala, tayala lofewerapo limakusungirani msana ndi manja.

Amayi ndaona mwalemba kuti mukuopa magalimoto. Nkhawa yanu ndi yoona, mayi, sindikuitsutsa. N'chifukwa chake ndikuwauza anyamuke m'mawa, avale chipewa cholimba chija ndi malaya owala, ayatse kanyali kofiira kumbuyo ngakhale masana, ndipo asayende okha. Alamu, mukamva lole ikuliza hutala kumbuyo ndipo kutsogolo kukubweranso ina, musalimbane nazo, tulukani pa phula muime. Zomvera nyimbo m'makutu zisiyeni m'chikwama. Msewu umenewu ndi wa anthu ambiri: a kabaza, amene anyamula matumba a makala otambalala kuposa njingayo, ana a sukulu, mbuzi, mathirakitala a maesiteti. Amakala aja powadutsa muwapatse mpata wokwanira, chifukwa katundu wotere sakhota msanga, ndipo muwapatse moni. Amakwera zitunda zomwezo tsiku ndi tsiku pa njinga yopanda giya, ndipo mukasowa njira kapena mjigo wa madzi, ndi iwo amene adzakulozereni.

Julaye ndi mwezi wabwino chifukwa mvula kulibe ndipo sikutentha ngati Okutobala, koma ndi nyengo ya chiperoni. Kukhoza kucha kuli nkhungu ndi mvula yowaza, yozizira, makamaka pakati pa Bvumbwe ndi Thyolo, moti galimoto siikuonani mpaka itayandikira. Kukacha chotero musakakamire, dikirani kuyere kapena sunthani tsiku. Tengani kajekete kopepuka kotchinga mphepo, chifukwa thukuta la pokwera limasanduka chisanu potsika. Mukumbukirenso kuti nthawi imeneyi dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko.

Zobwerera tsiku lomwelo ndikukanizani. Limbe ili pamwamba, Mulanje ili pansi, kusiyana kwake kuli ngati mamita 500, ndiye zonse munatsika mosangalala zija mudzazikwera miyendo itatopa kale. Gonani ku Mulanje. M'mawa mwake, ngati thupi likulola, palasani kulowera ku Muloza, kumalire ndi Mozambique, makilomita pafupifupi 30. Msewu umenewo umadutsa m'minda ya tiyi m'tsinde mwenimweni mwa phiri, kumene tiyi anayamba kulimidwa m'zaka za m'ma 1890, ndipo nawonso ndi wokwera n'kutsika koma mofatsa. Mukafuna chachifupi, khoterani pa Chitakale msewu wa ku Phalombe mpaka ku Likhubula, makilomita 10 okha, musiye njinga pamalo otetezeka n'kuyenda wapansi kukaona Dziwe la Nkhalamba. Chinanazi cha ku Mulanje musachiphonye, chimagulitsidwa m'mbali mwa msewu momwemo.

Pa masabata atsalawa, musamangopalasa malo athyathyathya. Pezani msewu wa zitundazitunda kumeneko, Loweruka lililonse muziwonjezera mtunda mpaka muzitha maola anayi muli pa chishalo, chifukwa chimene chimayamba kudandaula si miyendo yokha, ndi pokhalira ndi khosi. Munditumizire chithunzi cha magiya akumbuyo ndi nambala zimene zalembedwa m'mbali mwa tayala, ndione ngati pali choti musinthe musanapakire. Mukadziwa tsiku lofika mundiuze msanga kuti ndipemphe tchuthi kuntchito, tidzapalasire limodzi, ndipo achimwene aakulu ndiwapempha adzatitsatire pagalimoto ndi madzi. Mupereke moni kwa achemwali ndi ana.