Ngongole yomwe simunatenge ikapezeka pa dzina lanu ku CRB

Achemwali, mwati munapita ku banki kukapempha ngongole ya geni, iwo n'kukubwezani kuti ku CRB (Credit Reference Bureau, komwe amasunga mbiri ya ngongole za anthu) kukuoneka ngongole ina yosabweza, chonsecho inu simunakongolepo kulikonse. Mukufunsa ngati zimatheka komanso kuti mutani. Zimatheka ndithu, ndipo musakhale pansi n'kumati zitha zokha. Sizitha.

CRB sikongoza munthu, ndipo nkhope yanu saidziwa. Chikhazikitsireni lamulo la Credit Reference Bureau mu 2010, pali makampani ololedwa ndi Reserve Bank of Malawi, monga Credit Data CRB ndi TransUnion, omwe amasunga mbiri ya momwe anthu amabwezera ngongole. Amalemba zomwe mabanki ndi mabungwe okongoza ndalama awatumizira. Wina akatenga ndalama ndi nambala ya chiphaso chanu, kwa iwo wokongolayo ndi inu, basi.

Choyamba, musadalire mawu apakamwa a wa pa kauntala. Funsani bankiyo kuti anayang'ana ku bureau iti, mupite komweko ndi chiphaso chanu mukapemphe lipoti lanu. Mmenemo muona bungwe lomwe linakongoza, tsiku lake ndi kuchuluka kwa ndalama. Musanaloze wakuba, dzifunseni kaye: kodi simunasainirepo m'bale wanu ngati womuimira pa ngongole yake? Simunalowepo gulu la amayi lokongola pamodzi? Ambiri amagwa apa, chifukwa mnzawo akathawa dzina lawo limadetsedwa nawo. Nthawi zina ndi kalaliki chabe amene anasokoneza maina ofanana, poti a Banda ndi a Phiri tilipo ambiri.

Zikakhala kuti si zimenezo, lembani kalata ku bungwe lokongozalo ndi ina ku bureau, kukana ngongoleyo. Pemphani akuonetseni fomu yomwe inasainidwa, nambala ya foni yomwe inalembedwapo, ndi komwe ndalamazo zinatumizidwa. Apa ndi pomwe bodza limaonekera, chifukwa siginecha siikhala yanu ndipo foni imakhala ya munthu wina. Kalata iliyonse akudindireni pa kope lanu, mulisunge. Kanenaninso ku polisi mutenge lipoti. Akamakuzengerezani, dandaulo lipite ku Reserve Bank, poti ndi amene amayang'anira mabanki ndi ma bureau omwe, ndipo ali ndi nthambi konkuno ku Blantyre. Chonde musalipireko ngakhale pang'ono kuti nkhani ithe msanga, chifukwa adzati munavomera kuti ngongoleyo ndi yanu.

Tsopano chomwe chimandiwawa ine ndi momwe timatayira ziphaso zathu. Chiyambireni kalembera wa ziphaso za unzika wa bungwe la National Registration Bureau (NRB) mu 2017, kakhadi kameneka ndi komwe kamatsegula akaunti ku banki, kulembetsa SIM, kugulira feteleza wotsika mtengo, zonse. Koma taimani pa malo ojambulira mapepala ku Limbe kapena ku Ginnery Corner muone. Kope loyamba latuluka loderako, mnyamata akuti dikirani ndibwereze, loyambalo waliponya m'katoni pansi pa tebulo, mwini wake wanyamuka osacheuka. Dzina, nambala, tsiku lobadwa, chithunzi, zonse zatsala m'katonimo. Tengani makope onse, ngakhale oonongeka. Lomwe mukupereka lembanipo ndi cholembera mopingasa, modutsa pa chithunzi cha khadicho, kuti "lotsegulira akaunti ku banki yakuti" ndi tsiku lake, kuti lisakagwirenso ntchito kwina.

Enanso amatumiza chithunzi cha chiphaso pa WhatsApp kwa munthu wolonjeza ntchito kapena thandizo la ndalama yemwe sanamuonepo. Musatero. Polembetsa SIM, ejenti akati netiweki yavuta tijambulenso, khalani tcheru, poti ena amalembetsera pomwepo nambala yachiwiri pa dzina lanu n'kukaigulitsa. Pitani ku ofesi ya Airtel kapena TNM mukafunse manambala onse omwe ali pa chiphaso chanu, achilendowo atsekedwe. Ndipo woimba foni kufunsa PIN ya Airtel Money kapena Mpamba, kapena kanambala kobwera pa meseji, ndi wakuba ngakhale atakutchulani dzina lonse bwinobwino.

Kwa ena nonse m'gulu muno, musadikire tsiku lofuna ngongole kuti mudziwe zomwe zalembedwa pa dzina lanu. Kapempheni lipoti lanu kamodzi pa chaka, komanso nthawi iliyonse chiphaso chikasowa. Ngongole yabodza ya mwezi umodzi siivuta kuitsutsa, koma ikagona zaka, chiwongoladzanja chakwera ndipo kalaliki amene anailemba anachoka kale pa ntchito.

Achemwali, lipotilo mukalitenga musaliike muno lonse, muli anthu ambirimbiri omwe sitikuwadziwa. Tiuzeni chabe ngati wokongozayo ndi banki, SACCO kapena bungwe la ngongole zing'onozing'ono, tithandizane kulemba kalata ija.