Kusereulana si kunyozana, komanso si kutizana

Funso la lero lachokera kwa mayi wina amene anamaliza Fomu 4 zaka zambiri zapitazo. Akuti anzawo a m'kalasi akukonza zokumana ndiye iwo apemphedwa kuti akayankhule zokumbutsana zakale. Analemba kuti "tinkanyozana tsiku ndi tsiku koma tinkakondana", mnzawo wina atawerenga wakana akuti mawuwo ndi olemera, pomwe mwana wawo akuti angolemba "tinkatizana" basi. Akufunsa kuti mawu oyenera ndi ati.

Mayi, funso lanuli landisangalatsa kwambiri, ndipo mnzanuyo akunena zoona. Mawu amene mukuwafuna ndi kusereulana. Kunyoza kumachokera mumtima wopeputsa munthu, wonyozedwa amachoka pamalopo atachepa. Kutonza ndiye kumaposa pamenepo chifukwa wotonza amafuna pamene pali bala, umphawi wako kaya chilema kaya kulephera mayeso, n'kumakanda pomwepo. Kunyogodola nako kuli ndi kamwano kake. Koma kusereula munthu ndi kumugwira pa kanthu kakang'ono koti iye mwini akhoza kuseka nako, ndipo mawa akubwezera.

Tamverani ka -ana kali kumapetoko, nkhani yonse yagona pamenepo. Kukonda, kukondana. Kuthandiza, kuthandizana. Kusereula, kusereulana. Ka -ana kamanena kuti chinthucho chikupita uku n'kubwerera uku, palibe amene wangokhala wolandira yekha. M'kalasi mwathu munali mnyamata wina amene anapatsidwa udindo woimba belu, koma wotchi yake inkaimaima, ndiye tsiku lina anaimba belu aphunzitsi a masamu asanamalize n'kulemba komwe deti pabolodi. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linali Nthawiyatha. Akangolowa m'kalasi wina ankayang'ana pamkono popanda wotchi n'kupukusa mutu, kalasi yonse gwa ndi phwete. Iye sankakwiya ayi, ankangoyang'ana kumapazi kwa amene wayambitsayo, yemwe ankavala nsapato zazikulu zosiyiridwa ndi achimwene ake, n'kufunsa mwaulemu kuti kodi mabwato anu afika bwino padoko? Basi winayo n'kukhala Mabwato mpaka tinalemba MSCE. Awiriwa ankakhala desiki imodzi, ankabwerekana manotsi. Uku ndiye kusereulana, ndipo palibe mawu ena m'Chichewa amene angakwane bwino pamenepa.

Tsono za kutiza, apa ndiye mundilole ndidandaule pang'ono. Mawuwa anachokera ku Chingerezi, ku mawu aja akuti tease, ndipo ine sindidana ndi mawu obwereka, sukulu, buku, desiki, belu, onsewa tinabwereka ndipo anakhazikika bwinobwino. Vuto ndi loti kutiza titakubwereka tinakupatsa ntchito ina. Kusekondale kwa nthawi yathu munthu akati a Fomu 1 akutizidwa sankanena za nthabwala ayi, ankanena za kudzutsidwa usiku kuhositelo, kuchapitsidwa zovala za akuluakulu, kuimbitsidwa nyimbo utagwada anthu akukuseka. Wa Fomu 1 sakanayankha, akanayankha akanaona zakuda. Ndiye ka -ana kalowa bwanji pamenepo? "Kutizana" ndi mawu odzitsutsa okha, wotizidwa analibe mpata wotiza mnzake, ankangodikira chaka chamawa kuti adzabwezere kwa ana ena osalakwa. Kumeneko kunali kuzunza ndipo tizikutchula choncho. Ana a masiku ano akusakaniza zonsezi, chilichonse kwa iwo ndi kutiza kapena majoki, mpaka ena akuti "ndimangojoka" pamene tili ndi "ndimangocheza", "ndimangoseka", "zinali nthabwala chabe". Zimandipweteka ndithu chifukwa chiyankhulo chathu chinasiyanitsa zinthuzi mosamala kwambiri ndipo tikuzitaya tokha.

Onaninso mmene mneni woti kuseka amasinthira. Kuseka naye munthu ndi kwina, kumuseka ndi kwina. Kamphatikiri kamodzi kokha ka -mu- kasandutsa mnzako kukhala choseketsa. N'chifukwa chake sindingakulangizeni kulemba "tinkasekana", ngakhale kuti ka -ana kalipo, chifukwa wakumva akhoza kuganiza kuti munkasekana polephera. "Tinkaseketsana" ndi zabwino koma zikunena za kuuzana nthabwala, sizikufika pa kumugwira munthu ndi kakhalidwe kake.

Kumene mawu oti kusereula anachokera, ine ndimaganiza, ngakhale ndilibe umboni, kuti mwina ndi pachibale ndi kusewera. Tawatchulani motsatizana, sewera, sereula, mumva kuti akumveka mofananako. Ndipo tanthauzo nalo likuyandikana, munthu akamakusereula mopitirira umamuuza kuti "usandiseweretse." Agogo anga akationa tikuvutana pakhonde ankati asiyeni akungosereulana, ndi mawu omwewo ankauza wamkulu aliyense wofuna kulowerera kuti palibe mlandu apa.

Kalembedwe nako ndinenepo, chifukwa ndimaona ambiri akulemba kuseleula. Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, kunabwera bungwe la Chichewa Board mu 1972 lomwe linakonza malamulo a kalembedwe, ndipo lamulo limodzi lomwe tinaliloweza mpaka kulilota ndi lakuti r amabwera pambuyo pa i ndi e, pomwe l amabwera pambuyo pa a, o ndi u. Kulira, kubereka, mbiri, koma kugula, kulola, kukhala. Ndiye se- akatsogola, chotsatira ndi -re-, kusereula. Pakamwa anthu ambiri sasiyanitsa l ndi r, zimenezo n'zachibadwa ndipo sindikangana nazo, koma papepala tsatirani lamulo. Ena amaika w n'kulemba kuserewula monga mmene mau anasandukira mawu, amenewo sindingawadule malikisi, zonse ziwiri zikuwerengeka bwino.

Ndiye mayi, pokayankhula paja nenani kuti "tinkasereulana tsiku ndi tsiku." Ndipo ka "koma tinkakondana" kaja mukachotse, sikakufunikanso. Munakaika chifukwa kunyozana kumafuna kupepesera, pamene kusereulana kwanena kale kuti munali pa ubwenzi. Ngati mukufuna chikondicho chimveke ndithu, ikani "chifukwa" pamene panali "koma", tinkasereulana chifukwa tinkakondana. Ndipo ngati m'kalasi mwanu munali wina amene dzina lomwe munam'patsa sankaseka nalo, limenelo mukalisiye kunyumba, mukamuitane ndi dzina limene anam'patsa makolo ake.