Pulogalamu yagwa, mzere wolakwa uli pati?

FUNSO: Ndikudziphunzitsa chilankhulo cholembera mapulogalamu cha C pa laputopu ya Ubuntu. Ndinalemba kapulogalamu kosungira maakaunti a usipa wa amalume anga ku Monkey Bay. Kakagwa kamangoti "Segmentation fault", ndipo GDB, pulogalamu yofufuzira zolakwika, imangondionetsa dzina la function ndi nambala yonga 0x4011a6, mzere wolakwa osaoneka. Mnzanga akuti ndiwonjezere -g. Amachita chiyani -g ameneyu? Sangachedwetse pulogalamu?
Wophunzira, Mangochi Boma

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo mumugulire fanta, wakuuzani zoona.

Compiler ikamasandutsa zomwe mwalemba kukhala malamulo a makina, imataya zambiri zomwe purosesa safuna, monga nambala za mizere ndi mayina a ma variable a mkati mwa function. Mwauona usipa ukayanikidwa pathandala? Wa bwato ili ndi wa bwato lija umangofanana mbuu! Popanda wina wolemba m'kope, simungadziwe mulu uwu unachoka kwa yani.

Ndiye -g amauza gcc, yomwe ndi compiler ya C, kuti ilembe kopelo. Pa Linux limalembedwa m'kalembedwe kotchedwa DWARF, komwe mtundu wake wachisanu unatuluka mu 2017, ndipo limasungidwa m'fayilo ya pulogalamu yomweyo (ya mtundu wotchedwa ELF), m'zigawo zakezake. Chigawo cha .debug_line ndicho chimanena kuti adiresi ya mu memory yonga 0x4011a6 ndi fayilo yakuti, mzere wakuti. Cha .debug_info chimafotokoza variable iliyonse: dzina, mtundu, ndi pomwe ikukhala, kaya mu register (kamalo kosungira ka mkati mwa purosesa) kaya pa stack (gawo la memory). Lembani readelf -S pa pulogalamu yanu, muziona zitandandalikidwa.

Zochedwa musade nazo nkhawa. Malamulo a makina sasintha, ndipo zigawozi sizikwezedwa mu memory pulogalamu ikamayenda. Imangonenepa ndi fayilo.

Koma mukaphatikiza -g ndi -O2, wofulumizitsa pulogalamu, compiler imasuntha mizere, ma variable ena n'kuwafafaniziratu, GDB n'kumangokuyankhani kuti "optimized out". Pofufuza vuto, ine ndimakonda -Og -g, poti -Og sasokoneza mizere kwambiri.

Kwina kopeli amalisunga padera. Visual Studio pa Windows imaliika m'fayilo ya PDB, pa macOS muli dSYM. Pa Linux mutha kulipatula ndi objcopy --only-keep-debug, kenako n'kuchepetsa pulogalamu ndi strip musanawapatse amalume.

Apa ndi pomwe ineyo ndinapsa. Ndinapereka pulogalamu yochepetsedwa kusitolo ina kufupi ndi mlatho wa Shire, kope lake osasunga. Itagwa, ndinati palibe kanthu, ndipanganso ndi -g. Komatu ndinali nditasinthako mizere iwiri chabe, maadiresi onse anasuntha. Ndinachezera usiku wonse, thukuta lili kamukamu ndi kutentha kwa Okutobala, udzudzu ukundidya, ndikukonza mzere wosalakwa chilichonse.

Kope limagwirizana ndi pulogalamu yomwe linabadwa nayo limodzi basi. Tsiku lomwe mudzakwere minibasi ya ku Monkey Bay kukapereka pulogalamuyo, fayilo ya kope lija ya tsiku lomwelo itsale pa flashi, mutailemba deti.