Maulendo a Loweruka kwa eni: yankho kwa adzukulu awiri

Nkhani iyi yandifika kuchokera mbali ziwiri. Mtsikana amene akuphunzira ku Glasgow, m'dziko la Scotland, akuti Loweruka akapeza mpata amakwera sitima kapena basi kukaona malo, ndiye kwawo ayamba kumujeda. Mlongo wake, amene amakhala ndi mayi awo ku Area 36 kuno ku Lilongwe, nayenso wabwera ndi dandaulo: "Agogo, ife kuno tikusowa ya feteleza, iye ali kalikiliki kujambulitsa m'mapiri. Tsiku loika maliro a malume athu anaika chithunzi pa WhatsApp akumwetulira m'mbali mwa nyanja." Ndikuyankhani pamodzi, kuopa kuti wina angamakanene kuti agogo ali mbali yanga.

Ndiyambe ndi iwe mnyamata. Kuyenda si mlandu. Iwe umaona chithunzi n'kuyamba kuchulukitsa mapaundi ndi makwacha, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masamu amenewo amaimitsadi mutu. Koma lendi ya mlongo wakoyo amalipiranso mapaundi omwewo, magetsi ndi chakudya chimodzimodzi. Wophunzira wochokera kunja saloledwa kugwira ganyu kupitirira maola 20 pa sabata sukulu ili mkati, ndipo ganyu yake nthawi zambiri ndi yotsuka mbale kapena kusambitsa okalamba. Malo ena amene ukuwaona pa zithunzizo salowera ndalama n'komwe. Nyumba yosungiramo zakale ya Kelvingrove mumzinda wa Glasgow momwemo, ngakhale ija yaikulu ya ku Edinburgh, munthu amangolowa ulere. Tikiti ya basi akaigula kudakali masiku imatsika mtengo.

Ndiye pali ichi chimene iwe sungachione uli ku Area 36. Mu Disembala dzuwa la kumeneko limatuluka 9 koloko ili pafupi, n'kulowa 4 koloko isanakwane. Mwana amachoka m'kalasi kuli mdima, n'kukadzitsekera m'kachipinda yekha. Palibe woyandikana naye wobwera kudzapempha mchere, palibe wogogoda kuti tiyeni kumsika. Ana ambiri amadwala maganizo chifukwa cha zimenezi, ena mpaka sukulu kuileka. Ine ndingakonde mdzukulu wotuluka Loweruka kukapitidwa mphepo kusiyana ndi wobindikira amene tidzamve kuti wasokonekera. Paja pakadafunda padajiwitsa galu.

Komanso, mnyamata iwe, usaiwale kuti Dedza ali pafupi pomwepa. Zojambula za makolo athu m'mapanga a ku Chongoni, zimene bungwe la UNESCO lidaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, azungu amakwera ndege kudzaziona. Iwe udakafikako? Kapena Loweruka lako limathera pa bawo ndi mpira wa pa kanema? Ndangodutsamo.

Tsopano iwe mtsikana, khala pansi, chifukwa pa nkhani ya maliro ija mlongo wako sakunama. Amene adamwalirawo ndi malume ako, eni mbumba. Mayi ako ataya mlongo wawo, munthu amene akadakhala patsogolo tsiku la chinkhoswe chako. Ukudziwa bwino mmene timachitira kuno. Pamsewu pakaikidwa masamba, wa njinga amatsika n'kumakankha, wa chipewa amavula, wa galimoto amachepetsa liwiro n'kutseka wailesi, ngakhale womwalirayo sakumudziwa. WhatsApp yakoyo ndi msewu wodutsa pakati pa mudzi, ndipo iwe udadutsa pamasamba uli pa njinga, belu likulira. Anthu amene adagona pasiwa, amayi amene adachezera kuphika maso ali psuu ndi utsi, ndi omwewo adatsegula foni n'kukupeza ukuseka pa nyanja.

Ndikudziwa chimene unganene: ulendowo udaukonza kale, tikiti udagula, ndipo kukhala m'chipinda kukadangokuwonjezera chisoni. Ndamva. Kupitako sindikukudzudzula kwenikweni, poti aliyense amalira mwa njira yake ndipo mtembo sukadaufikira. Koma chithunzicho chikadadikira. Zithunzi siziwola m'foni. Ukadasunga mpaka anthu atasesa n'kumwazikana, palibe akadatsegula pakamwa. Tsono imba foni, mawu amveke, osati timauthenga tolemba ayi. Uyambe ndi mayi ako, kenaka mayi aakulu, uwauze kuti udalakwitsa. Usayambe ndi kufotokoza za tikiti.

Za ndalama sindichulutsa. Chimene chimabala mphekesera ndi chete wako. Uwauze mayi ako mosabisa kuti pamwezi umapeza zingati, lendi imadya zingati, ndipo ungakwanitse kutumiza zingati. Kangachepe, kadziwike ndipo kazifika. Ukudziwa kuti sukulu zimatsegulira mu Seputembala ndipo feteleza amafunika mvula isanagwe. Miyezi imeneyo ulendo wautali uyambe waima. Ukatero, zotsalazo ndi thukuta lako, palibe wokuwerengera.

Chimene ine ndikufuna kwa iwe n'chakuti uziyenda ndi maso, osati ndi kamera yokha. Pafupi ndi Glasgow pomwepo, osakwana ola pa sitima, pali tauni yaing'ono yotchedwa Blantyre. Kumeneko ndi kumene David Livingstone adabadwira mu 1813, ndipo mishoni imene a Church of Scotland adakhazikitsa kuno mu 1876 idatenga dzina la tauniyo, n'kubala mzinda wathu wa Blantyre. Nyumba imene adabadwiramo ilipo mpaka lero. Ukalowemo, ukaone kuti banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi, ndipo iye adayamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Ukadzabwera udzawauze anzako amene amaganiza kuti mzungu aliyense adabadwira pa kapeti. Ukafunsenso za Susi ndi Chuma, anthu akuda amene adatsogolera gulu lonyamula mtembo wa Livingstone kuchokera kwa Chitambo, ku Zambia, mu 1873 mpaka ku Bagamoyo m'mbali mwa nyanja ya mchere, ulendo wa miyezi yambiri wapansi. Ukaone ngati eni nyumbayo awapatsa malo oyenera pakhoma. Ngati sadatero, ufunse mwaulemu chifukwa chake.

Ku Edinburgh ndi kumene Kamuzu adakawonjezera maphunziro a udokotala asanakagwire ntchito ku England, zaka zambiri asanabwerere kuno pa 6 Julaye 1958. Ku London, pabwalo la Trafalgar Square, padaima chiboliboli cha John Chilembwe kuyambira mu 2022, chopangidwa ndi Mmalawi mnzathu Samson Kambalu. Chilembwe adamuimika atavala chipewa, poti nthawi ya atsamunda munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Chidachotsedwapo nthawi yake itatha, koma ukadzafika pamalopo udzadziwe amene adaimapo.

Zina ndi zazing'ono. Ukaona basi ikufika pa nthawi imene yalembedwa, ufunse amachita bwanji. Ukaona mtsinje wodutsa pakati pa mzinda ulibe majumbo ngati amene adzaza pansi pa mlatho wa Lilongwe kumsika kuja, ufunse zinyalala zawo zimapita kuti ndipo amalipira ndani. Ifeyo zithunzi za iwe utaima kutsogolo kwa nyumba zazitali zatikwana.

Ndipo uziyenda mosamala, mwana wanga. Usanyamuke popanda wina wodziwa kumene walowera ndi nthawi yobwerera. Nyanja ngati Loch Lomond si Senga Bay ayi. Madzi ake amazizira koopsa ngakhale dzuwa liwale bwanji, amagwira mpweya ndi miyendo, ndipo anthu odziwa kusambira amiramo. M'mapiri mwawo nkhungu imatseka njira mwadzidzidzi. Ana a eni usawajambule, pamzere usadumphe, ndipo ukalandiridwa m'nyumba ya munthu kumbukira kuti ukayenda umasiya phazi, osati mlomo. Lamulungu lina uzikakhala ndi Amalawi anzako kutchalitchi kapena pomwe amakumana, chifukwa ukadzadwala ndi iwowo adzathamange.

Chipepeso cha maliro utumize sabata ino, chipite kwa mayi aakulu kuti akapereke m'dzina lako. Iwe mnyamata chisadzere pa foni yako, ndipo mlongo wako akaimba, upereke foniyo kwa mayi ako usanafunse ngati watumiza.