Kwa achemwali amene mwapeza ntchito ku Hallstatt

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwapeza ntchito yokonza zipinda pa hotela ina ku Hallstatt, mapepala anu okhalira ndi kugwira ntchito ku Austria ali bwino, eni hotela akulonjeza kachipinda m'mudzi momwemo, ndipo mukufuna kudziwa ngati n'kwanzeru kusiya Vienna. Ine ndinagwirako ntchito m'khitchini nyengo ziwiri za alendo ndi nyengo imodzi yachisanu. Ntchitoyo ilandireni, koma ngati maola anu akulola, pogona mukafune ku Bad Goisern, tauni yapafupi, osati ku Hallstatt. Ndipo musanasaine kalikonse, kawuoneni mudziwo tsiku lapakati pa sabata mu Novembala.

Chithunzi chija mumachiona pa foni, cha tchalitchi chosongoka ndi nyumba zoyang'ana m'madzi, sichinama. Chimangobisa kuchepa kwa malowo. Hallstatt anamangidwa pakampata kopapatiza pakati pa phiri ndi nyanja ya Hallstätter See, m'chigawo cha Salzkammergut ku Upper Austria. Kutsogolo ndi madzi akuya mamita 125, kumbuyo ndi thanthwe loima chilili. Nyumba zinachita kusanjikizana pamtsetse, moti khomo la wina limakhala pamwamba pa denga la mnzake, ndipo njira zambiri zopita kunyumba za anthu ndi masitepe okhaokha. Ngakhale mitengo yazipatso amaibzala mogundana ndi khoma n'kumaiwongolera nthambi kuti iyange pakhomapo, poti poti mtengo utambasukire palibe. Msewu wa m'mbali mwa nyanja unadzamangidwa mu 1890. Misewu isanabwere, munthu ankafika paboti kapena pa tinjira ta m'phiri. Lero magalimoto amadutsa mumsewu woboola phiri kuseri kwa mudzi, ndipo siteshoni ya sitima yotchedwa Hallstatt ili tsidya lina la nyanja. Mukatsika sitima mumakwera boti.

Chakum'mwera kuli mapiri a Dachstein, omwe nsonga yake yayitali ndi mamita 2,995, pafupifupi ngati Sapitwa wa ku Mulanje. Kutalika kumeneko n'kumene kumakongoletsa malowo, komanso n'kumene kumaba dzuwa. M'miyezi yachisanu dzuwa limayenda chamunsi, ndiye mbali zina za mudzi, makamaka ku Lahn ndi kulowera m'chigwa cha Echerntal, silifikako kwa milungu yambiri. Mumaliona likuwala pansonga za mapiri a tsidya lina, inu muli mumthunzi. Ine kachipinda kanga koyamba kanali ku Lahn. Ndinkalowa ntchito kudakali mdima, ndikuweruka kutada, ndipo tsiku lopuma ndikatsegula zenera ndinkangoona phiri lotuwa. Pofika Januwale ndinkalira popanda amene wandilakwira. Mzimayi wina wachikulire amene tinkagwira naye ntchito ndiye anandiuza kuti ndizikwera basi kupita ku Bad Goisern tsiku lopuma, ndikangokhala pabenchi padzuwa ola limodzi. Zinandithandiza kuposa mmene ndinkaganizira, mpaka ndinasamukira komweko. Musazitenge mopepuka zimenezi. Ife tinakulira padzuwa, ndipo thupi limalisowa.

Tsopano za anthu ake. Okhala ku Hallstatt ndi pafupifupi 750 basi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ankapitirira 1,500, ndipo mu 2001 anali adakali oposa 900. Chiwerengero chakhala chikutsika chifukwa mgodi wa mchere sufunanso anthu ambiri ngati kale, malo omangapo nyumba yatsopano kulibe, ndipo nyumba ikapezeka imapindulitsa kwambiri kugonekamo alendo kusiyana ndi kubwereketsa banja. Achinyamata akamaliza sukulu amapita ku Bad Ischl, ku Salzburg kapena ku Linz. Pa anthu 750 amenewa pamagwa alendo ofika 10,000 pa tsiku limodzi nyengo ikafika pachimake. Tangoganizani mudzi wa kwanu, aliyense wokhalamo atalandira alendo oposa khumi tsiku lililonse, ambiri mwa iwo ongobwera maola awiri kudzajambula n'kumapita.

Kutchukaku kunakula pang'onopang'ono. Mu 1997 bungwe la UNESCO linaika derali m'gulu la malo ofunika kusungidwa padziko lonse. Mu 2012 kampani ina ya ku China inamanga mudzi wofanana nawo m'chigawo cha Guangdong, ndipo mbiri yake inafika kutali kwambiri. Ndalama zinabwera, ndipo ntchito imene mwapezayo ndi chipatso cha ndalama zomwezo. Koma walira mvula walira matope. Mu 2020 akuluakulu a mudzi anayamba kuwerengera mabasi a alendo ndi kuwapatsa nthawi yofikira. Mu Meyi 2023 anayesa kumanga mpanda wamatabwa pamalo pamene aliyense amajambulira, koma sunakhalitse. Mu Ogasiti chaka chomwecho eni mudzi ena anatseka msewu woboola phiri uja kwa kanthawi posonyeza kutopa kwawo. Ine ndinaonapo ndi maso anga alendo atatsegula kageti ka agogo ena n'kulowa pakhonde, akujambulana pafupi ndi zovala zoyanika. Agogowo anatuluka, anangoima pakhomo atagwira kansalu kopukutira mbale, osanena kanthu. Ndinamva chisoni chachikulu, chifukwa ndinaganiza za amayi anga atawachita zotero pakhomo pawo.

Ndikukuuzani zimenezi kuti mukaona nkhope zouma masiku oyamba musafulumire kunena kuti anthu ake ndi oipa mtima. Aliyense wachilendo amayamba amuona ngati mmodzi wa khamu lija. Chimene chimakuchotsani m'khamumo ndi moni. Mukakumana ndi wamkulu panjira nenani kuti Grüß Gott, momveka, mutamuyang'ana. Anzanu a kuntchito amapatsana moni wa Griaß di, potsanzikana amati Pfiat di. Chijeremani chimene munaphunzira m'kalasi ku Vienna adzakumvani nacho, koma iwo akamacheza okhaokha miyezi yoyamba mudzangotolapo mawu amodziamodzi. Musachite manyazi kuwapempha kuti abwereze pang'onopang'ono. Pakatha miyezi iwiri mukupereka moni m'mawa uliwonse kwa anthu omwewo, adzayamba kukuyankhani ndi dzina. Za khungu lathu, kuyang'anidwa kulipo, makamaka m'midzi yoyandikana nayo kumene alendo safika ambiri. Chimene chinkandipweteka ine kwenikweni chinali alendo ena ondijambula osapempha ndikatuluka kukataya zinyalala nditavala epuloni. Muli ndi ufulu wokana, ndipo kanani.

Kuti muwamvetse eni mudziwu, yambani ndi mchere. Anthu akhala akukumba mchere m'phiri la pamwamba pa mudzi kwa zaka pafupifupi 7,000, ndipo mgodi ukugwirabe ntchito. Mu 1846 woyang'anira mgodi, Johann Georg Ramsauer, anapeza manda akalekale m'chigwa cha pamwambapo, ndipo anafukula manda pafupifupi 1,000. Zimene zinapezeka mmenemo zinali zochuluka moti akatswiri a mbiri yakale anatcha nyengo yonse ya chiyambi cha ntchito zachitsulo m'chigawo chapakati cha Ulaya dzina la mudziwu. Mu 1734 okumba mchere anapeza mtembo wa munthu wakalekale utasungika mumchere, zovala zili m'thupi. Madzi amchere amayenda m'mipope mtunda wa makilomita 40 kukafika ku Ebensee, ndipo njira ya mipopeyi inayamba kumangidwa mu 1595, pogwiritsa ntchito mitengo yoboola pakati. Koma nkhani imene inandigwira mtima ine ndi ya azimayi otchedwa Kerntragerweiber, amene ankabereka miyala yamchere kumsana kutsika nayo phiri lonselo pofuna kuwonjezera pa malipiro ochepa a amuna awo. Ndinakwerapo njira imeneyo wapansi ndilibe katundu, ndipo ndinapuma kangapo. Anthu a kumeneku ndi zidzukulu za anthu ovutika. Mukawafunsa za mgodi m'malo mofunsa pojambulira pabwino, nkhope zija zimamasuka.

Pitaninso ku tchalitchi cha Katolika cha pamtunda, Maria am Berg. Manda ake ndi kabwalo kakang'ono kwambiri, ndiye kale munthu akagona zaka 10 kapena 15 ankamufukula kuti papezeke malo a wina. Chigaza ankachitsuka, kuchiyanika, kenako n'kulembapo dzina la mwiniwake ndi kujambulapo maluwa kapena masamba. M'kanyumba kotchedwa Beinhaus muli zigaza pafupifupi 1,200, ndipo zoposa 600 ndi zolembedwa. Chomaliza chinaikidwamo mu 1995, cha mayi amene anapempha yekha asanamwalire. Kwa ife zimenezi n'zoopsa, ndipo ine ulendo woyamba ndinabwerera pakhomo. Ulendo wachiwiri ndinalowa ndi mnzanga wa kuntchito wobadwira konko, amene ankawerenga maina a mabanja pazigazapo motsitsa mawu ngati akupereka moni. Mukalowa, lowani ngati mukulowa kumanda a eni ake.

Tchalitchi chosongoka cha pachithunzi chija ndi cha Chilutera. Derali lili ndi Apulotesitanti ambiri kusiyana ndi madera ena a Austria. Makolo awo anapemphera mobisa kwa zaka zambiri, ena anathamangitsidwira ku Transylvania m'zaka za m'ma 1730, mpaka mfumu Joseph II inawalola kupembedza mu 1781. Kaya ndinu a mpingo uti, pitani kutchalitchi Lamulungu. N'kumene mudzaone eni mudzi ali okhaokha, ndipo n'kumene ine ndinapeza anthu oyamba kundiitanira khofi kunyumba. Mukadzakhalapo pa chikondwerero cha Ukaristia chimene iwo amati Fronleichnam, mudzaona mwambo umene unayamba mu 1623: poti pamtunda palibe malo oyendapo gulu, ulendo wa mapemphero umachitikira panyanja, m'maboti okongoletsedwa ndi nthambi ndi maluwa, gulu la malipenga likuimba.

Nanga bwanji Bad Goisern? Ili pamtunda wa makilomita khumi ndi pang'ono chakumpoto, m'chigwa chotambasuka, ndipo ili ndi anthu oposa 7,000. Kuli masitolo akuluakulu a zakudya pamitengo ya anthu wamba, madokotala, malo ogulitsira mankhwala, ndi siteshoni ya sitima imene simuchita kuwolokera paboti. Ku Hallstatt masitolo ambiri ndi a tizikumbutso ta alendo, ndipo zakudya n'zodula. Chipatala chachikulu chili ku Bad Ischl, komwe kuchokera ku Goisern ndi pafupi. Obertraun ili pafupi kwambiri ndi Hallstatt ndipo ndi yabata, koma nayo ndi kamudzi kakang'ono kapansi pa mapiri omwewo. Kumbukiraninso kuti chipale chofewa chikachuluka misewu amaitseka poopa kuti chingagumuke kuchokera m'mapiri. Mu Januwale 2019 misewu yopita ku Hallstatt ndi ku Obertraun inatsekedwa chifukwa cha zimenezi.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene chingagwetse malangizo angawa, ndicho nthawi ya basi. Mabasi a madzulo amatha msanga. Poti ntchito yanu ndi ya zipinda, mwina muziyamba m'mawa n'kuweruka masana, ndipo basi ikukwanirani. Koma afunseni bwino ngati sadzakutumaninso kukathandiza m'chipinda chodyera usiku. Akati zimenezo zizichitika, landirani kachipinda kawo kaye, muzifufuza kwina muli mkati. Ndipo kachipindako mukaone ndi maso: mugonamo angati, zenera layang'ana kuti, chotenthetsera chikugwira ntchito kapena ayi, ndipo pa malipiro azidulapo zingati. Zonsezi zilembedwe. Funsaninso ngati ntchitoyo ndi ya chaka chonse kapena ya nyengo ya alendo yokha, chifukwa ntchito ikatha kachipinda ka abwana kamatheranso pomwepo. Ine ndinaphunzira zimenezi mowawa. Pamalo ena amene ndinagwirapo anandiuza Lachitatu kuti pofika Lamulungu ndikhale nditatulutsa katundu.

Mgwirizano wa ntchito musanasaine, pitani nawo ku Arbeiterkammer, ofesi yothandiza anthu olembedwa ntchito. Amaunika ulere, ndipo adzakuuzani ngati malipiro akugwirizana ndi mlingo wa ogwira ntchito m'mahotela, kuphatikizapo malipiro awiri owonjezera aja a pachaka, amene amawatcha a mwezi wa 13 ndi wa 14. Mukasamuka muli ndi masiku atatu oti mukalembetse malo anu atsopano ku ofesi ya mudzi, pa fomu ija ya Meldezettel yomwe mukuidziwa kale. Ufa woyera, nyemba ndi tsabola gulirani ku Vienna musananyamuke. Gulaninso nsapato za mapazi okhakhala, chifukwa masitepe aja akaundana ndi madzi oundana amaterera koopsa.

Sindikufuna kuti muganize kuti ndinachokako ndi mkwiyo. M'chilimwe ndinkafika ndi basi yoyamba, mabasi a alendo asanayambe. Nyanja imakhala ili zii, nkhungu itagona pamadzi, ndipo nthawi zina pamadutsa bambo wina m'boti lalitali lamatabwa la kumeneko, akupalasa chiimirire ndi nkhafi imodzi. Fungo la buledi limatuluka m'nyumba ina, mayi wina akuthirira maluwa pazenera. Ndinkakhala pamwala mphindi khumi ndisanalowe m'khitchini, ndipo mpaka lero ndimazisowa mphindi zimenezo.

Ndiye chitani chonchi. Kwerani sitima ya m'mawa ku Vienna, musinthe pa Attnang-Puchheim, muwoloke paboti. Kaoneni hotela ndi kachipindako, kenako musathamangire kubwerera. Khalani mpaka cha m'ma 4 koloko madzulo, muone mmene mdima umagwera ndi mmene misewu imakhalira alendo akapita. Pobwerera kwerani basi ya ku Bad Goisern, muwerenge mphindi zake, mutsike muyendeyende pang'ono musanakwere sitima. Mukabwerako mundilembere kumbali, tidzawerengere limodzi mgwirizano wanuwo musanapite nawo ku Arbeiterkammer.